Mpeni wopinda wa m'thumba: kasankhidwe kake kwa amene ndalama n'zochepa

Ikafika nyengo yosoka fodya, ndikangotulutsa mpeni m'thumba kuti ndidule twaini, pamapezeka wina wofunsa: "Achimwene, umenewu munaugula kuti? Wanga uja unathyoka sabata yomweyo." Funsoli ndaliyankha m'chigafa, pa depoti ya Kasungu, ku Chinkhoma tikudikira mabelo, ngakhale pamaliro tikudula luzi la chisakasa. Ndaona kuti ndilembe kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira pa WhatsApp.

Mitengo sindilemba pano. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero sukhala wa mwezi wamawa. Ndilemba zimene sizisintha, zimene mungaone ndi maso ndi kuyesa ndi manja musanapereke ndalama. Mpeni wotchipa wabwino ulipo, ndipo umadziwika ndi zinthu ziwiri: sugwedera ukatsegulidwa, komanso chitsulo chake mungathe kuchinola nokha pakhomo.

Tigwirizane mawu kaye. Ndikati msana ndikunena mbali yosathwa ya chitsulo. Chogwirira ndi kumene chitsulo chimalowa mukapinda. Loko ndi kachipangizo koletsa mpeni kudzitseka uli pa ntchito.

1. Yambani ndi ntchito yake

Ganizirani zimene munadula sabata yathayi. Ambiri a ife ndi twaini, linya, mphira yomangira katundu panjinga, ulusi wa thumba la feteleza, chiguduli, mzimbe, mango, chinangwa, ndipo mwa apo ndi apo nkhuku alendo akabwera. Zonsezi zimafuna chitsulo chopyapyala chimene chimalowa mosavuta. Mpeni wonenepa wooneka ngati wa asilikali umang'amba mango m'malo mosenda. Ngati mukufuna kudula mikangala kapena nsungwi zokhwima, imeneyo ndi ntchito ya chikwanje, musazunze mpeni wa m'thumba.

2. Kukula ndi kaonekedwe

Chitsulo chikhale masentimita 7 mpaka 9. Ngati mulibe rula, gundanitsani zala zinayi: utali wake ukhale ngati zimenezo kapena kupitirira pang'ono. Wautali kuposa pamenepo umalemera, umaboola thumba la thalauza, ndipo pakapita mwezi umayamba kutsala pawindo. Chogwirira chikwane zala zinayi zomwezo.

Mbali yakuthwa ikhale yosalala kuyambira ku chogwirira mpaka ku nsonga. Pali mipeni ina ya mano ngati sowo theka lake. Imadula chingwe bwino ikadali yatsopano, koma ikabuntha simungainole pa mwala wamba. Isiyeni.

3. Chitsulo

Mitundu ilipo iwiri. Cha carbon chimathwa msanga, chimanoleka ngakhale pa mwala wa kumtsinje, koma chimachita dzimbiri. Mukasenda mango n'kuupinda osapukuta, m'mawa muupeza ndi madontho ofiira. Pakapita nthawi chimada n'kukhala chotuwa ngati phulusa. Kuda kumeneko si dzimbiri ayi, kumateteza chitsulo, musakupale. Cha stainless chili ndi chromium wambiri, choncho sichichita dzimbiri msanga. M'dzinja, pamene thumba limakhala lonyowa ndi thukuta ndi mvula, chimenechi chimapepuza ntchito.

Yang'anani zolembedwa m'munsi mwa chitsulo, pafupi ndi chogwirira. Mukaona 3Cr13 kapena 420, ndi chitsulo chofewa: chimabuntha msanga komanso chimanoleka msanga, ndipo pa mzimbe ndi twaini chikwanira. Mukaona 8Cr13MoV, ndi cha stainless ngati ziwiri zija, koma carbon wake, amene amalimbitsa chitsulo, ndi wochuluka kuposa kawiri, chimasunga kuthwa nthawi yaitali, ndipo pa mipeni yotchipa ndicho ndimakonda. Mukaona D2, ndi cholimba kwambiri, koma pa mwala wamba mudzatuluka nacho thukuta. Dziwaninso kuti kudinda zilembo n'kosavuta. Mpeni wa mtengo wa sopo wolembedwa dzina la chitsulo chodula ukunama.

Ena amapita ndi maginito kumsika, ati stainless weniweni sagwira maginito. Zimenezo ndi za mapoto ndi masinki ena. Stainless wa mipeni amagwira maginito, ndiye kuyesa kumeneko sikukuuzani kanthu.

4. Loko

Apa ndi pamene ndinapwetekera. Chaka china ndinagula mpeni wonyezimira pa tsiku la msika ku Santhe, chogwirira chake chojambulidwa chinjoka. Tsiku lachitatu ndikuboola chigubu cha pulasitiki, loko inaterereka, chitsulo chinapindikira pa chala cha mkombaphala mpaka ndinakasokedwa kuchipatala. Chipsera chilipo mpaka lero. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa mipeni ya pamsika mawuwa ndi oona ndithu.

Mudzakumana ndi mitundu iyi. Pali yopanda loko, imene imangogwiridwa ndi sipuling'i ya kumsana. Si yoipa, bola mudziwe kuti ndi yodulira basi, osati yobayira kapena kuboolera. Pali ya lockback, imene imati "kha" mukaitsegula ndipo potseka mumadina kumsana kwa chogwirira. Pa mipeni yotchipa, imeneyi ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri. Pali ya liner lock, imene ili ndi kachitsulo kopyapyala m'kati mwa chogwirira kamene kamalumphira kuseri kwa chitsulo, ndipo potseka mumakakankhira pambali ndi chala chachikulu. Yopangidwa bwino ndi yabwino, koma yanga ya chinjoka ija inali yamtundu umenewu. Pomaliza pali ya mphete, monga Okapi ndi Opinel.

Ya batani imene imadzitsegula yokha musaiganizire n'komwe. Sipuling'i yake siichedwa kufa, ingatsegukire m'thumba, ndipo wapolisi akaiona saona chida cha kumunda.

5. Mayina amene mungakumane nawo

Okapi ambiri timaudziwa, uja wa chogwirira chathabwa chokhala ndi kamwezi ndi nyenyezi. Unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyi inasamukira ku South Africa. Chitsulo cha ambiri ndi carbon. Sipuling'i yake ili kunja, kumsana, ndipo potseka mumakoka mphete. Potsegula umalira "khe-khe-khe". Umabwera wosathwa kwenikweni kuchokera ku fakitale, choncho musaukane chifukwa cha chimenecho. Waukulu uja chitsulo chake ndi pafupifupi masentimita 10, ndiye ngati mwapeza wocheperapo tengani umenewo. Abale ochokera ku South Africa amabwera nawo, koma onetsetsani kuti dzina ndi dziko zadindidwa mozama pa chitsulo, chifukwa yongofanizira ndi yambiri.

Opinel ndi wa ku France, unayamba mu 1890. Nambala 8 uli ndi chitsulo cha masentimita 8.5, chopyapyala, ndipo pa kusenda palibe wouposa. Loko yake ndi mphete yachitsulo imene mumaizunguliza pakhosi pa chogwirira. Vuto lake ndi lakuti thabwa limafufuma likanyowa, moti mu Januwale umatha kukana kutseguka. Mukagogoda kumapeto kwa chogwirira pa tebulo, chitsulo chimasuzumira n'kuchikoka. Kuno supezeka wamba, koma wina akamabwera kuchokera kunja mungamutume.

Victorinox ndi tija tofiira ta mtanda ta ku Switzerland, tokhala ndi sizasi ndi chotsegulira botolo. Weniweni ndi wodula. Ofiira amene mumawaona pamphasa ya venda pambali pa matochi ndi makiyi, ambiri mwa iwo si enieni, ndipo sizasi yake imatafuna pepala.

Yotsalayo ndi ya ku China yopanda dzina lodziwika, imene ili m'mahadiweya ndi m'mashopu a pa boma. Musainyoze yonse. Pa mipeni khumi ya m'katoni imodzi, ina imakhala yolimba ina yogwedera. Ntchito yanu ndi kupeza wolimbayo.

6. Kuyesa pamaso pa wogulitsa

Wogulitsa adzati, "Akulu, uwu ndi orijino, musataye nthawi." Muyankheni mwaulemu kuti mukufuna kuugwira kaye. Akakana kuutulutsa m'pepala, pitani kwina. Muzipita masana kukuwala, ndipo musagule tsiku limene mwalandira ndalama za fodya, chifukwa tsiku limenelo munthu sayang'anitsitsa.

Tsegulani mpaka loko igwire. Gwirani chitsulo kumsana ndi zala ziwiri, zala zili kutali ndi mbali yakuthwa, muchigwedeze kumanja ndi kumanzere, kenako m'mwamba ndi pansi. Kugwedera pang'ono kwa m'mbali kumatheka kukonza ngati pakati pali kabawuti komanga, kapena pomenya pang'ono msomali wapakati ndi hamala. Koma ngati chikugwedera m'mwamba ndi pansi, loko ndi yakufa. Ubwezeni.

Kenako yesani lokoyo. Gwirani chogwirira m'mbali mokha ngati mukutsina, pasakhale chala chilichonse panjira imene chitsulo chimadutsa potseka. Kanikizani msana wa chitsulo pa thabwa la benchi, mwamphamvu ndithu koma osamenya. Ukapindika, mwapulumutsa chala. Pa liner lock suzumirani m'kati: kachitsulo kaja kalowe kuseri kwa chitsulo ndi thupi lake lonse. Kakangogwira m'mphepete, kadzaterereka. Kakapitirira mpaka kukagunda mbali inayo, ndiye kuti katha kale mpeni usanagwire ntchito.

Tsopano tsekani. Yendetsani chala pamwamba pa chogwirira, chakumapeto. Nsonga isatulukire ngakhale pang'ono, apo ayi idzakubayani mukamapisa m'thumba kufuna makobidi. Onani ngati chitsulo chagona pakati osakhuza m'mbali. Ugwedezeni mozondotsa: usatseguke wokha. Pomaliza ufumbateni mwamphamvu ngati mukudula linya. Ngati pali pamene pakulasa chikhatho tsopano, pa ntchito padzatulutsa thuza.

Yesani itatu kapena inayi ya mtundu womwewo, mutenge wopambana. Mukatero ndiye muyambe kunenerera mtengo.

7. Kunola koyamba

Apa ndi pamene ambiri amagonjera, n'kumati mpeni unali wabodza pamene vuto ndi kanoledwe. Ndakumana ndi mipeni yabwino imene inaphedwa pakhonde la simenti, ina pa galayindala ya owotcherera. Galayindala imatenthetsa chitsulo. Mukaona m'mphepete mwasanduka mwa buluu, kulimba kwa pamenepo kwapita. Tupa ndi ya khasu ndi chikwanje, pa mpeni waung'ono imadya chitsulo chambiri.

Gulani mwala wonolera wa mbali ziwiri ku hadiweya, kwina kokhakhala kwina kosalala. Ngati mulibe, sandipepa wa nambala 400 ndi 1000 woyala pa galasi kapena pa thabwa losalala agwira ntchito yomweyo. Nyowetsani mwala ndi madzi, muuike pa nsanza yonyowa kuti usayendeyende. Mukayamba ndi madzi muzipitiriza ndi madzi, chifukwa mwala umene wamwa mafuta sulandiranso madzi.

Chinthu choyamba ndi kapendekedwe. Tikufuna madigiri pafupifupi 20. Imikani mpeni chilili pamwala ngati mukufuna kuudula mwalawo, amenewo ndi 90. Upendekeni theka, ndi 45. Upendekeninso theka, mwafika. Msana ukhala utadzuka pang'ono chabe, ngati mungalowetse makobidi awiri kapena atatu pansi pake. Chovuta si kupeza kapendekedweko koma kukasunga. Limbitsani mkono pa mfundo ya dzanja, muziyendetsa ndi phewa. Dzanja likamagwedera, m'mphepete mumakhala mozungulira ngati msana wa supuni, ndipo mpeni umanyezimira koma osadula.

Kuti muone chimene mukuchita, pakani inki ya maka m'mphepete monse mwa mbali yakuthwa. Kokani kawiri katatu pamwala, muyang'ane. Inki ikachoka kumtunda kokha, mwagoneka kwambiri, dzutsani msana pang'ono. Ikachoka kumapeto kwenikweni kokha, mwaimika kwambiri. Ikachoka ponse, pitirizani momwemo.

Yambani ndi mbali yokhakhala ya mwala. Kankhani ngati mukufuna kusenda kachikopa kopyapyala pamwalapo, kuyambira ku chogwirira kumalizira ku nsonga, ndipo pofika pokhota dzutsani chogwirira pang'ono kuti nsonga nayo ikhudze. Musasinthe mbali msanga. Apa ndi pamene pali chinsinsi chonse. Nolani mbali imodzi yokhayo mpaka kuseri kwake kutuluke kamlomo, kachitsulo kopyapyala kopindikira mbali inayo. Ndi maso sikaoneka bwino. Mumakamva poyendetsa chala chachikulu kuchokera ku msana kutsikira ku mbali yakuthwa n'kupitirira, osati motsata utali wa mpeni. Kamakanda pang'ono ngati ndevu za tsiku limodzi. Kamlomo kameneka ndi umboni wakuti mwala wafika kumapeto kwenikweni kwa chitsulo. Kasanatuluke, mukungopala m'mbali. Kamveke kuyambira ku chogwirira mpaka ku nsonga. Pa Okapi watsopano zimenezi zingakutengereni mphindi makumi awiri kapena kupitirira, ndipo ambiri amasiya atatsala pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kakatuluka, tembenuzani, munole mbali inayo mpaka kamlomo kabwerere kumene munayambira. Tsopano pitani ku mbali yosalala ya mwala. Kokani kamodzi uku kamodzi uko, mukuchepetsa mphamvu, mpaka kumapeto mpeni uzingoyenda ndi kulemera kwake kokha. Cholinga tsopano ndi kuchotsa kamlomo kaja, chifukwa mukakasiya mpeni umaoneka wakuthwa, koma mukangodula twaini kawiri kamapindika n'kubuntha. Ambiri amene amati "chitsulo ichi sichisunga kuthwa" vuto lawo limakhala limeneli.

Malizani ndi lamba wachikopa. Mukolekeni pa msomali, mumukoke kuti awongoke, muziyendetsa mpeni chobwerera m'mbuyo, msana patsogolo, kakhumi mbali iliyonse. Mukapititsa mbali yakuthwa patsogolo mudula lamba. Ngati mulibe mwala wosalala, tembenuzani kapu yadothi ya tiyi: kamzere kokhakhala ka pansi pake kamanola bwino kwambiri.

Poyesa musagwiritse chala. Tengani tsamba la kope, muligwire m'mwamba, mudule kuchokera m'mphepete. Likang'ambika kapena kukodwa pena, pamenepo mpamene pakufunika kubwereza. Tomato wakupsa nayenso sanama: mpeni wakuthwa umalowa khungu lake popanda kukanikiza.

Mukachita zimenezi bwino kamodzi, simudzabwereranso ku mbali yokhakhala kwa miyezi. Kapu ndi lamba pa sabata kamodzi zikwanira.

8. Kuusamala ndi kuyenda nawo

Pukutani musanapinde, makamaka mukadula zipatso. Utomoni wa fodya umamata ndipo ukalowa pa msomali wapakati mpeni umalimba. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo, muumitse padzuwa uli wotsegula theka, kenako dontho limodzi la mafuta a makina osokera pamsomalipo. Pa chitsulo chimene chimakhudza chakudya pakani mafuta ophikira pang'ono. Dzimbiri likayamba, phulusa lonyowa pa kansanza limachotsa. Mchenga wa m'thumba uchotseni ndi kamtengo ka machesi, chifukwa ukadzaza pamene loko imagwira, ngakhale loko yabwino imaterereka.

Nsonga si sikuludilaiva, ndipo si yotsegulira chitini cha penti. Mipeni yambiri yothyoka imene anthu amandionetsa inathyokera pamenepo. Podula muzilozetsa kutali ndi thupi, ndipo popatsa mnzanu mupinde kaye.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi ichi: munthu watsegulira botolo la mankhwala opopera fodya, kapena thumba la mbewu yopakidwa mankhwala, kenako mpeni womwewo akusendera mwana mango. Kupukuta pa thalauza sikuchotsa mankhwala. Sungani kampeni kakale m'chigafa ka ntchito imeneyo yokha. Ndipo mukadzicheka kwambiri, makamaka muli kumunda, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, mupite kuchipatala akaone za katemera wa kafumbata.

Pali malo amene mpeni uyenera kutsala kunyumba: kumowa, ku mpira, ku misonkhano ya ndale, ku zionetsero, kusukulu. Kumalo otere ngakhale kampeni kosendera mzimbe kamasanduka nkhani ina mkangano ukabuka, ndipo Okapi ali ndi mbiri yoipa kale chifukwa cha zigawenga za ku South Africa. Ngati mukukwera ndege ku Lumbadzi, uikeni m'chikwama chachikulu chopita pansi, chifukwa m'chikwama cha m'manja adzakulandani pachipata. Pakhomo usakhale pamene ana angafike.

M'thumba muupatse mbali yakeyake, kutali ndi foni ndi makiyi. Wanga telala wa pamsika anandisokera kathumba ka jinzi yakale, ndipo ndinamangirira kachingwe kofiira ku mphete yake kuti ukagwera m'masamba a fodya ndiziuona msanga.